Tsiku Limene Amjomba Anakapa Chitsime

Fungolo ndinayamba kulimva sabata imene mwana wanga Habiba anayamba kudya phala. Ndikatunga madzi m'mawa, pamwamba pake pankayandama timizere tonyezimira, ndipo ankanunkha ngati malaya a bambo ake akaweruka kukabaza wa njinga yamoto. Chitsime chathu chili kuseri kwa filing'i ya petulo imene anamanga pamsewu wa ku Kachulu, mpanda wawo ndi ife kungoyang'anana.

"Mphuno ya uchembere imeneyo," anatero mwamuna wanga Shaibu. "Si iwe unkati sopo akununkha matemba?"

Ndinkawiritsa madziwo, kununkhiza, kuwiritsanso. Habiba akangolira ndinkamutsegula kukamwa, osadziwa n'komwe chimene ndikufunamo. Tsiku la sikelo ndinawauza alangizi a zaumoyo. Analemba m'buku mwawo, ndipo patapita masabata awiri anatumiza uthenga woti Lachinayi kubwera munthu wa ku Zomba kudzayeza madzi.

Lachitatu ndinapita kusikimu ya Likangala kukathandiza amayi kuingitsa mbalame mumpunga. Pobwerako ndinapeza amjomba anga a Ayuba, mlongo wawo wa amayi, atapinda buluku mpaka m'mawondo, matope thupi lonse. Iwo ndi anzawo awiri anali atakapa chitsime mpaka pansi, kupala ndere zonse, n'kuthiramo klorini monga timachitira kolera ikabuka kunyanja.

"Alendo a boma adzapeze achule?" anatero akupukuta thukuta. "Akanene ku Zomba kuti kwa Ayuba amamwa ngati ng'ombe za kudambo?"

Ndisaname, nanenso mtima unakhalako pansi. Madzi atsopano ankanunkha klorini basi.

Woyezayo anali mayi, a Brenda, atanyamula bokosi la timabotolo tagalasi. Anayambira ku filing'i, ine ndikusuzumira pampanda Habiba ali kumbuyo. Pafupi ndi pamene anakwirira mathanki pali tizivundikiro titatu tachitsulo, ndinkayesa n'zamagetsi. Anatsegula kamodzi. Kunsi kwake kunali paipi yolowa pansi. Anatsitsiramo kachubu koonekera mkati, komangirira pachingwe, n'kukakoka pang'onopang'ono. Pansi pa kachubuko panali madzi, pamwamba pake china chachikasu chokhuthala ngati chala changa chaching'ono. Bwana wa pafiling'ipo anayamba kuyang'ana foni yake.

A Brenda atafika kwathu anawerama pachitsime, n'kudzuka msanga.

"Mwathiramo chiyani muno, bambo?"

"Takonza bwinobwino, mayi," anayankha amjomba akumwetulira. "Dzulo lomweli. Olo nduna itha kumwa."

A Brenda anatula bokosi lija pansi. Anafotokoza mosakweza mawu kuti petulo amayandama pamwamba, ndiye amene akanawasonyeza zoona tinamutayira m'nthochi ndi ndowa zathu.

"Ndikatenga madzi a lerowa, pepala likhoza kudzanena kuti ali bwino. Likatero, palibe adzabwerenso kuno."

"Koma ndi klorini wa kuchipatala," anatero amjomba, mawu atatsika.

"Klorini amapha tizilombo. Petulo alibe moyo woti n'kumupha."

Mmodzi wa anzawo aja anaseka. "Ayuba, tsiku lonse lija tinkasambitsa mbala kuti apolisi asaidziwe!"

Ine sindinaseke. Ndinafunsa a Brenda ngati mafuta a m'paipi mujawo angafike kuno.

"Madzi a pansi pano amatsetserekera kunyanja, ndipo inu muli kumunsi kwa mathanki. Sindinganene motsimikiza ndisanayeze. Chitsimechi chikhale sabata yathunthu osachikhudza, ndidzabwera Lachinayi linalo."

"Nanga ndikawiritsa? Ndimawiritsa kawiri."

Anayang'ana Habiba, amene ankayamwa chibakera chake.

"Amake mwana, akanakhala wanga sindikanamupatsa. Zimene wadya kale mukawauze kuchipatala mawa, amuone."

Galimoto yawo itapita, amjomba anabwerera pachitsimepo. Kenako anamasula chingwe pamtengo, kuchikulunga, n'kundipatsa pamodzi ndi ndowa yotungira.

"Kabise kumene ine sindingakaone. Akabwera a m'mudzi muno uwauze kuti ndaletsa ndine."

Mjigo wapafupi uli kusukulu, ulendo wa ola limodzi kupita ndi kubwera, ndipo madzi ake ndi amchere moti tiyi amakoma ngati msuzi. Ndinasenza chigubu masana omwewo. Mzere unali wautali, amayi akukangana za amene anabwera poyamba. Ndinaima kumapeto, Habiba akundikoka mpango, ndikuwerenga pazala masiku amene wadya phala la madzi aja. Ndinapeza makumi awiri ndi atatu. Ndinamukhudza pamphumi, n'kuyambanso kuwerenga.