Mikuyu ya Kamtsinje ka ku Chipadze

Bambo Yotamu ankakhala pampando ndi tako limodzi, ngati munthu woyembekeza basi. Anabadwira kunja kwa Malawi, pakomboni ya mgodi ku Bindura, n'kukalambira ku Chipadze m'tauni yomweyo, koma akati "kwathu" ankanena ku Dedza, kumene sanapondeko n'kamodzi komwe. Pakhomo pawo panalibe mtengo.

"Mlendo ndi mame," ankatero. "Bambo anga sanabzale mtengo kuno. Ine ndibzaliranji?"

Kuseri kwa nyumba yawo kunkadutsa kamtsinje. Okumba golide ndi ogulitsa mchenga anakang'amba, mvula n'kudzamaliza, mpaka kanasanduka khwawa la madzi ofiira lodya gombe chaka ndi chaka. Mwana wawo Nelly ndi azimayi anzake a kutchalitchi anasanja miyala m'khwawamo kuti matope azitsalira, nabzala udzu m'mbali. Inkasowa ndi mitengo yogwira nthaka.

"Ababa," anatero Nelly azimayiwo akupuma pakhonde, "mikuyu ya ku Madziwa mumaitama ija, simungakatitengere mbande?"

"Zimenezo n'za eni dziko."

"Chimbudzi chanu n'cha eni dzikonso? Chatsala pang'ono kutsetserekera m'madzi. Tsiku lina mudzapita nacho limodzi, mwina mukafika ku Dedzako osakwera basi."

Azimayi anafa nacho chiseko. Mkuluyo anangotsonya.

Kutacha anatsikira kumtsinje, ati kukayendera chimbudzi chawo. Kuseri kwa miyala ija madzi anali atadikha, oyera moti mchenga unkaoneka pansi. Nkhanu inatuluka kunsi kwa mwala, n'kuima ngati ikufunsa kuti abwera ndi ndani. Ali mnyamata ankagwira nkhanu pomwepo. Malemu akazi awo anawaonera koyamba pomwepo, akuchapa, ndipo mayiwo anawalalatira chifukwa chovundula madzi. Anayesa kukumbukira mtsinje wa ku Dedza, koma ngakhale dzina lake silinabwere.

Masana Nelly anawapeza akupinda bulangete.

"Ulendo wa ku Malawi wakwana, Ababa?"

"Wa ku Madziwa, kwa mnzanga Langton. Mbande amazula m'mamawa dzuwa lisanapse, ndiye ndikagona konko. Ukawauze azimayi ako aja akumbe mayenje enieni, osati kupalasa ngati nkhuku."

Anaika mpeni ndi timatumba ta shuga topanda kanthu toikamo mbande pamwamba pa bulangetelo, natseka chikwama, n'kuchiimika pakhomo pomwe angamve hutala ya kombi, minibasi ya kumeneko.