Fayilo Yomwe Achimwene Anaisintha Dzina

"Yakananso!" anatero sisi wa pasaluni uku akubaya foni ndi chala cha mafuta a tsitsi.

Nthawi inali 11 koloko. Wailesi ina imafuna owerenga nkhani atsopano, ndipo imatseka kulandira mawu 12 koloko. Sisiyo anali atadzijambula kasanu ndi kawiri m'bafa, chifukwa kwawo ndi mokhamo mopanda phokoso. Vuto linali limodzi: fomu ya pa intaneti imafuna fayilo ya mawu ya mtundu wa mp3 basi, pomwe foni yake imasunga m4a.

Achimwene ake, makaniko, ndi omwe anati zimenezo nzosavuta. Anangofufuta m4a kumapeto kwa dzina la fayilo nkulembapo mp3. Kuyambira pomwepo fomu imangoti fayilo ndi yowonongeka.

"Ndi netiweki imeneyo," iwo anatero.

"Netiweki yake ndinu, achimwene. Tiyeni kwa Anti."

Anti amaika nyimbo m'mamemore pa kashopu kopanikizana pakati pa telala ndi wogulitsa mabatire. Laputopu yawo inali yogulukaguluka mabatani, chaja chomangidwa ndi tepi. Analumikiza foni, nkuyang'ana pang'ono, kenako anatsitsa magalasi.

"Wagwira fayiloyi ndani?"

"Ndimangothandiza, Anti."

"Bambo makaniko, mukalemba kuti minibasi pa wilibala, anthu akwera?"

Wa mabatire anaseka mpaka kutsokomola. Achimwene anangokanda mutu.

Anti sanapupulume. Poyamba anakopera fayiloyo kawiri, ina pa laputopu, ina pa fulashi. "Yoyambirira sitiigwira, mwanawe. Zikavuta timabwerera pomwepo." Anabwezeretsa dzina lakale, anatsegula pulogalamu yosinthira mtundu wa fayilo, nkufunsa kuti fomu ikulola fayilo yaikulu bwanji. Sisi sanadziwe nkomwe kuti palinso zimenezo. Anti anawerenga okha timalemba tapansi pa fomu, nkusankha saizi yoti ilowe koma mawu asamveke ngati a m'chitini.

Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa. 11:38. Kanaima pakati, fani ya laputopu ikulira ngati chigayo. Sisi amangopondaponda.

"Anti, shuwa ifika?"

"Kuthamanga sikufika. Khala pa benchipo."

Itamaliza, sisi anatambasula dzanja kuti alande foni. Anti anamumenya kachala.

"Ine sindipereka chinthu chomwe sindinachimve. Ikakaduka pakati ukanena kuti ndi Anti."

"Ndi maminitsi atatu athunthu!"

"Ndiye tili nawo."

Mahedifoni awo anali atabwerekedwa, ndiye anangolumikiza chisipika chachikulu cha pakhomo. Sisi anabisa nkhope m'manja. Mawu ake anatuluka mumsewu wonse, odekha, omveka bwinobwino, akuwerenga za mvula ndi mitengo ya mafuta. Achimwene anatsegula pakamwa. Mlongo wawo amangomudziwa ngati wolongolola pochapa mbale.

Makina a telala anasiya kulira. Bamboyo anasuzumira, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Anti, kwezani pang'ono, nkhani zayamba. Akuti mafuta akwera liti?"

Anti anamvetsera mpaka mawu omaliza, anagwedeza mutu, nkubweza foni kwa mwini wake.

"Tumiza wekha. Ndi mawu ako."

Sisi anapukuta chala pa siketi, nkudina. Fomu inavomera. Inali 11:53.