Kabokosi Koyera Pakhoma

Chiyambireni ntchito ku Mwanza, pa kampani ina yokonza mapepala a mathiraki opita ku Mozambiki, a Saulos ankaimbira mkazi wawo pa foni ya mawaya ya mu ofesi. Ya m'manja anati inabedwa mu minibasi. Vera, amene anatsala ku Chilomoni ndi ana atatu, zimenezo anangozimeza. Chimene chinamukanika kumeza ndi mkazi amene ankamveka kumbuyo kwa mawu a amuna ake masana aliwonse, akuseka, akulankhula Chipwitikizi, kanyimbo kakulira pansipansi.

Atawafunsa, a Saulos anati ndi wailesi ya kutsidya kwa malire imene imalowa m'waya. Wailesi kulowa m'foni ngati mbewa m'nkhokwe! Vera anaona kuti apa akupakidwa phula m'maso. Anakauza ankhoswe ake, malume ake a Petro, kuti banja latha. Koma a Petro, munthu wosapupuluma, anati kuona maso a nkhono n'kudekha, apite onse akadzimvere okha.

Anafika Lachisanu dzuwa lili paliwombo, nthawi imene mkazi uja ankakonda kuseka. A Saulos, akumwetulira, anapereka foni kwa a Petro. A Petro anaiika kukhutu, anadikira, anasinthira khutu linalo. Munalibe nyimbo, munalibe mkazi.

Nkhope ya a Saulos inagwa. Abwana awo, mayi Immaculate, posadziwa kuti akusonkhezera moto, anafotokoza kuti makasitomala ankadandaula za phokosolo, ndiye m'mawa womwewo kunabwera mmisiri. Anasintha waya wadzimbiri kuseri kwa nyumba, n'kuika kabokosi kotchinga wailesi. Kanali pomwepo pakhoma, koyera, katsopano.

Miyezi yonseyi foni osakonzedwa, mmisiri n'kudzatulukira tsiku la ankhoswe? Vera akadali kulingalira zimenezo, mayi Immaculate anatuluka kukalonjera dalaivala wina panja. Anamulonjera m'Chipwitikizi chosalala, n'kuseka. Kwa Vera, kusekako kunamveka ngati komwe kuja kwa m'foni.

A Saulos anagwada pakhoma, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kukanganula kabokosiko ndi kiyi. Anati akakachotsa, wailesi ibwerera ndipo onse aimva. A Petro anavomera kuti mlandu uthere pomwepo: ikamveka, Vera apepese, ikapanda kumveka, atenge ana abwerere kwawo.

Apa ndi pamene Vera anagwidwa ndi mantha. Anabwera kudzagwira wabodza, koma sanaganizepo kuti akamugwira, m'mawa mwake adzadzukira kuti. Anawerama n'kugwira dzanja la amuna ake.

"Kasiyeni, bambo a Tiyese."

"Ndisiyeni ndidziyeretse, mayi a Tiyese."

"Nanga mukakachotsa, n'kupeza muli zii?"

A Saulos anayang'ana kabokosiko. Vera anali atawagwira mopepuka, moti ngakhale mwana akanatha kupulumuka. Koma dzanjalo silinalimbane naye n'komwe.