Khoma la a Kachingwe

1.
Gu. Gu. Gu.

Ndodo ya a Kachingwe, aneba athu, pakhoma. Tikangoyatsa magitala m'galaja ya kwa Gonjetso ku Chilomoni, nawo ayambapo. Zaka ziwiri, Loweruka lililonse.

2.
Tilipo atatu. Ine Ndaziona, gitala ndi kukuwa. Gonjetso, ng'oma. Sungeni, besi ya zingwe zitatu poti chachinayi chidaduka. Dzina lathu ndi Dzimbiri. Zomwe timaimba amazitcha panki: liwiro, ukali, mphindi ziwiri nyimbo yatha.

Omwe adatikana:
mawayilesi anayi
eni malo omwera mowa
amayi anga, omwe amauza anzawo kuti ndili mu kwaya

3.
Gu. Gu. Gu.

Gonjetso akuti, tamverani mdalayu, akumenya bwino kuposa ine.

Tidaseka. Ndidatenga kugunda kwakeko n'kupekerapo nyimbo, Mdala Ufa Liti. Ndiyo idaposa zathu zonse paliwiro ndi ukali, tinkaibwereza katatu. Ndinkaikuwa nditayang'ana khoma.

4.
Iwe Ndaziona zaka zakwana makumi atatu ndipo wadzilonjeza kuti izi zikakanika ugulitsa gitala ubwerere kokagulitsa kaunjika ku Limbe ndipo mayi Chirambo okonza chikondwerero cha oimba atsopano anena kuti malo atsala amodzi ndipo zojambula pafoni sakuzifuna akufuna akumvereni ndi makutu awo Loweruka masana kamodzi kokha poti Lamulungu abwerera ku Lilongwe

5.
Loweruka m'mawa. Masamba pamsewu.

Maliro. A Kachingwe.

Ngakhale mwana amadziwa: masamba akayalidwa wayilesi imazimitsidwa, wanjinga amatsika.

Sungeni akuti, tinyamule zida tikaimbire kwina.

Gonjetso akuti, tidutse ndi ng'oma pakati pa olira? Masteni anga ali pamaliro pompo akutunga madzi. Mawa ndidzaonetsa nkhope yanji muno?

Sindidamve chisoni. Ndidapsa mtima. Munthu uyu, ngakhale kufa, adasankha tsiku lathu.

6.
Mayi Chirambo adafika nakhala pa kreti. Tidatseka chitseko. Magitala osalumikiza kumagetsi, Gonjetso akugogoda pilo ndi zala, ine ndikunong'ona ngati wakuba. Mdala ufa liti. Mdala ufa liti. Kuseri kwa khoma amayi a mpingo akuimba nyimbo ya maliro, ndipo ndi iwo ankamveka.

Mayi Chirambo akuti, pepani anzanga, ine sindinamvepo kanthu.

Sadaname.

7.
Zii.

Khoma lili zii.

Gitala ndaipukuta, ndaijambula chithunzi choonetsa ogula. Manyazi ndilibe, ndangotopa.

8.
Lachitatu. Pakhomo la galaja paima mayi Kachingwe, mkazi wa malemu, duku lakuda kumutu, ndodo ija m'manja.

Iwo akuti, ana inu, Loweruka bwanji munangoti zii?

Ine ndikuti, unali ulemu, mayi.

Iwo akuti, bambo anu aja makutu adagontha kalekale. Ali mnyamata ankamenya ng'oma m'bandi ya kuhotela. Inu mukayamba, khoma limanjenjemera. Ndiye ankati ndiwasendezere mpando, dzanja lina aike panjerwa, lina ndodo. Sabata yonse kundifunsa, lero si Loweruka?

Adapereka ndodo kwa Gonjetso. Iye adailandira ndi manja awiri, maso pansi.

Kenako mayiwo adacheukira ine.

Iwo akuti, pali nyimbo yaliwiro ija mumaibwereza katatu. Ikafika imeneyo ndiye ankamwetulira. Koma ine mawu ake sindiwamva, mumakuwa kwambiri. Loweruka likubwerali udzandiimbire pang'onopang'ono, mwana wanga, ndimve zomwe imanena.