Azakhali Awiri a Kalo

Kalo anasiya kudya bwino m'masiku amene ankakonzekera kukavina pa chikondwerero cha kusukulu kwawo. Mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, woti chilazi chathunthu amamaliza yekha, tsopano ankangotola pang'ono n'kuthamangira kuseri kwa thanki ya madzi, foni ili m'manja.

Mayi ake, a Meleane, si munthu wogona ndi funso. Masana ena anasiya kumenya makungwa opangira nsalu n'kumulondola.

"Iwe, kuseri kwa thanki kuno kwamera chiyani? Bwera nayo foniyo."

Kalo anaibisa kumbuyo. "Amayi, azakhali anati ndisakuuzeni."

"Azakhali ako ati?"

"A Lesieli a ku Auckland."

Dzanja la a Meleane linabwerera lokha. Kwathu kuno ku zilumba za Tonga, mlongo wa bambo ako ndiye wamkulu m'banja. Paukwati amakhala pa mkeka wapamwamba, ndipo akalamula, ana a mchimwene wake sayankha. Koma a Meleane ataona misozi m'maso mwa mwana wawo, anaitenga foniyo.

Pafonipo panali tsamba la macheza la pa intaneti, ndipo chithunzi chake chinalidi cha a Lesieli, mlamu wawo wokhala kunja kwa dziko, atavala zakutchalitchi. Mauthenga ankati akumusokera Kalo chovala chovinira. Poyamba anapempha chithunzi chake ali mu yunifomu, Kalo n'kutumiza. Tsopano ankafuna china, atavula bulauzi, ati kuti telala aone bwino msinkhu. Ankachifuna dzuwa lisanalowe, komanso mwachinsinsi, kuti amayi ake adzadabwe.

"Watumiza?"

"Ayi. Ndikuchita manyazi, amayi. Koma ndingawakanire bwanji azakhali?"

A Meleane anapita kwa amuna awo, a Saia, amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango.

"Bambo a Kalo, taimbirani achemwali anu muwafunse za izi."

A Saia anawerenga pang'ono n'kutembenuza nkhope. "Ine? Nkhani yovula bulauzi ndikambe ndi mlongo wanga? Mayi a Kalo, ngakhale nthabwala sindinena iye ali pafupi. Imbani inuyo."

"Ine mlamu wamba, ndikawafunse ngati mutu wawo ukuyenda bwino? Mukufuna ndisamuke mudzi uno?"

Anangoyang'anana, aliyense atagwira ulemu wake, kwinaku dzuwa likupendeka. Kunena zoona, ulemu wathuwu nthawi zina umatimanga manja ndi miyendo.

Mwamwayi a Seini, aphunzitsi okhala nyumba yoyandikana nayo, anatulukira kudzabwereka chopalira kokonati. Atamva nkhaniyo anakhala pamkeka, n'kuvala magalasi.

"Zachilendotu izi. Kalo, azakhali akowa anayamba liti kukulembera pa tsamba ili?"

"Mwezi watha. Anati lakale linawonongeka."

"Tiyeni tione anzawo a patsambali." Anayendetsa chala pang'onopang'ono. "Uyu ndi wa m'kalasi mwanga. Uyunso. Onse ndi atsikana a sukulu. Mayi wamkulu wa kwaya ngati a Lesieli alibe mnzake ndi mmodzi yemwe wa msinkhu wake? Nanga a Meleane, alamu anuwa anayamba achitapo chinthu mwachinsinsi?"

A Meleane anaseka mosafuna. "Amene aja? Akatumiza sopo mmodzi, tchalitchi chonse chimadziwa sitima isanafike!"

"Ndiye mwina Kalo ali ndi azakhali awiri, enieni ndi ongovala nkhope yawo."

"Zingatheke bwanji?" anafunsa a Saia, atasiya ukonde. "Mlendo angadziwe bwanji dzina la mlongo wanga, ndi zoti mwanayu akuvina?"

A Seini anatsegula tsamba la a Meleane. Panali chithunzi cha pa Khirisimasi, pansi pake atalemba kuti, "Kalo ndi azakhali ake okondedwa a Lesieli." Panalinso china chonena dzina la sukulu ndi tsiku la gule. Zonsezi aliyense pa dziko lapansi ankatha kuziona.

"Munamuuza ndinu, osadziwa," anatero a Seini. "Chithunzi amangokopera. Ndipo munthu ameneyu amatidziwa bwino. Akudziwa kuti mwana wa kuno sakanira azakhali ake, komanso kuti inu awiri muopa kufunsa."

A Meleane anagwira pakamwa. Mantha anawagwira, ndipo manyazi anabwera pambuyo.

"Komabe ngati ali iwowo?" anatero a Saia. "Tikhala tawanyoza."

"Palibe amene awafunse kanthu. Kalo, tenga foni ya amayi ako, uimbe pa nambala yawo yakale, muonane nkhope. Uwathokoze chifukwa cha chovalacho. Kuthokoza ndi mwano kodi?"

Kalo anaimba. Nkhope ya a Lesieli inadzaza foni yonse.

"Kalo mwana wanga! Bwanji waonda? Amayi ako sakukupatsa chakudya?"

"Azakhali, ndimati ndithokoze chifukwa cha chovala chovinira mukundisokera."

"Chovala chanji? Ine singano ndinaigwira liti?"

A Seini anapereka moni n'kufotokoza zonse. A Lesieli anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu, chinthu chimene mudzi uno sunachionepo. Kenaka anati, "Achimwene, tapitani kaye kunyanja, pano tikambe azimayi." A Saia ananyamuka msangamsanga, mtima utatsika.

"Alamu, mwana akuvutika chonchi inu osandiimbira?"

"Ndimaopa kukulakwirani, alamu."

"Mukanandilakwira kwambiri chithunzicho chikanapita. Kalo, walimba mtima. Sunalakwe chilichonse, wamva?"

Kalo analira, koma ulendo uno kunali kulira kwa mpumulo. A Meleane anafuna kufufuta mauthenga onse nthawi yomweyo, koma a Seini anawagwira dzanja.

"Musafufute, umenewu ndi umboni. Tiwajambule kaye mauthengawa. Kenaka timutsekere munthuyu kuti asalembenso, tidandaule kwa eni ake a tsambali, ndipo tipite kupolisi. Musamuyankhe, ngakhale kumutukwana."

Anachita zomwezo tsiku lomwelo. A Seini anayenderanso makolo a atsikana ena aja. Kunapezeka kuti munthu yemweyo ankasintha nkhope, kwa mtsikana wina ankadzitcha msuweni, kwa wina azakhali. Apolisi anatenga umboni wonse, ndipo tsamba labodzalo linatsekedwa. A Meleane anakonza tsamba lawo kuti zithunzi za ana azizionera achibale okha.

Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi, a Lesieli anaimba foni n'kulamula kuti ana onse a achimwene awo asonkhane. A Meleane anatsamiritsa foni pa botolo, ana n'kukhala pamkeka mwakachetechete.

"Tamverani, ndikulankhula monga azakhali anu. Munthu wa pafoni akakupemphani chithunzi cha thupi lanu, kapena akati musauze makolo anu, mukane ndipo mukanene nthawi yomweyo. Kaya akuti ndi m'busa, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi ndani."

Kalo anakweza dzanja. "Ngakhale atakhala inuyo, azakhali?"

"Makamaka akakhala ine!"

Makolo anzanga, tinaphunzitsa ana athu kumvera akulu, ndipo tinachita bwino. Koma dzina ndi chithunzi cha pafoni aliyense akhoza kuba. Imbani pa nambala imene mumaidziwa, muonane nkhope. Chepetsani zimene mumaika poyera zokhudza ana anu. Koposa zonse, muuzeni mwana wanu lero kuti pa nkhani ya thupi lake ali ndi ufulu wokana, ndipo akabwera kudzakuuzani simudzamukalipira.