Sikelo ya Boma Kunyumba kwa Haji Metwalli

Nagat anali atagwira unamwino zaka makumi awiri ndi ziwiri pa kachipatala kena ku Damanhour pamene boma linafuna kudziwa kuti anthu ake akulemera makilo angati. Anamupatsa sikelo, tepi yoyezera m'chiuno, makina oyezera kuthamanga kwa magazi, kakompyuta kam'manja ndi mndandanda wa nyumba zoti ayendere. Pa nyumba iliyonse kakompyutako kankasankha munthu mmodzi yekha. Ameneyo ndiye ankafunsidwa mafunso ndi kuyezedwa, ndipo manambala ake ankapita ku Cairo, kuti akuluakulu akaone mmene matenda a mtima, shuga ndi kunenepa zafalikira m'dziko.

Ntchitoyo sinali yovuta. Chovuta chinali tiyi. Nyumba iliyonse ankamulandira ndi tiyi wa shuga masipuni atatu, ndipo funso lakuti mumadya zotsekemera kangati pa sabata nthawi zambiri ankalifunsa keke ya basbusa ili mkamwa. Kukana kunali kunyoza eni nyumba. Pofika sabata yachisanu, siketi yake ya kuntchito ankaimanga ndi pini.

Lachiwiri lina m'mawa anakwera masitepe a nyumba yosanja kuseri kwa msika wa nsalu, sikelo ili kukhwapa, mpaka kukafika pa khomo lachitatu. Anamutsegulira a Haji Metwalli, amene anayendetsa basi za ku Alexandria zaka makumi atatu ndi zisanu asanapume pantchito. Anali munthu wamtali, woonda ngati bango, ndudu ili pakati pa zala.

"Ndinu a magetsi?"

"Ayi, Haji, ndine wa zaumoyo. Nyumba yanu yasankhidwa."

"Yasankhidwa kuti ilandire chiyani?"

"Kuti iyezedwe."

A Haji anayang'ana sikeloyo kwa kanthawi. "Lowani tsono. Amake Tarek! Boma labwera."

Amake Tarek, dzina lawo a Ihsan, anatuluka kukhitchini akupukuta manja. Anali mayi wamfupi, wathupi, wa nkhope yoyera mtima. Nagat analemba mayina awiriwo, kakompyutako kanaganiza pang'ono, kenaka kanasankha a Ihsan.

"Kanthu kameneka kali ndi maso," anatero a Haji. "Kadziwa pamene pali zoyeza. Koma sikelo ya bomayi ikathyoka, ine sindinaonepo kanthu."

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndikukuphikirani, Haji, chakudya sichinaimepo m'thupi mwanumo," anayankha a Ihsan osawayang'ana n'komwe. "Chimangodutsa ngati basi zanu zija. Khalani apa, mwana wanga, tiyi akubwera."

Nagat anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, koma anakhala pamene anamulozerapo. Tiyi anabwera, mafunso anayamba.

"Mumachita masewera olimbitsa thupi?"

"Ndimakwera masitepe mwakwerawo nditanyamula thumba la anyezi."

Bokosi la anyezi munalibe m'kakompyutamo. Nagat anachonga lakuti mwa apo ndi apo.

"Mumasuta?"

"Ndimasuta zimene awa atulutsa."

Bokosi limenelo linalimo.

Nthawi yokwera sikelo itakwana, a Ihsan anathamangitsira amuna awo kukhonde. Anavula masilipasi, zibangili ndi ndolo, anatulutsa makiyi m'thumba, kenaka anakwera atapuma mpweya wonse kunja. Nagat anawerama n'kunong'ona: "Makilo 94."

"Ndamva 94!" anafuula a Haji ali kukhonde.

Magazi a a Ihsan ankathamanga mopitirirako pang'ono, m'chiuno namonso tepi inatsala yochepa. Nagat anawauza zimene ankauza aliyense: achepetse mafuta ndi shuga, aziyenda, adzabwere kuchipatala. Anayamba kulongedza.

"Dikirani kaye," anatero a Haji akulowa. "Boma silingachoke pano ndi nambala ya awa yokha. Ku Cairo adzayesa kuti tonse kuno ndife otere."

"Simunasankhidwe, Haji. Ngakhale ndikuyezeni, sindingalembe."

"Yezani basi, mumve nokha mmene mwamuna amalemerera."

Nagat anaona kuti kukangana kutenga nthawi yaitali kuposa kuyeza. A Haji anakwera ndi nsapato zomwe, ndipo sikelo inati 61. Anapempha kuti nambalayo ibwerezedwe mokweza. Kenaka anapinda dzanja la mkanjo wawo n'kupereka mkono monga munthu wolandira mphoto.

Makina oyezera kuthamanga kwa magazi aja anafinya, anatulutsa mpweya, n'kuonetsa 212 pamwamba, 118 pansi. Nagat anayesa kuti lamba sanakhale bwino. Anayeza mkono winawo. Anawauza kuti azime ndudu, akhale chete mphindi zisanu, ndipo a Ihsan anati zimenezo sizinachitikepo chikwatiranire. Atayeza kachitatu, nambala inasuntha pang'ono chabe.

"Haji, mutu umakupwetekani?"

"Kunkhongo, m'mawa uliwonse. Ndi wayilesi ya anebawa."

"Nanga pachifuwa?"

"Ndikakwera masitepe pamakhala ngati pakhala munthu. Koma amadzukapo yekha ndikapuma."

"Zinayamba liti?"

"Ramadani itangotha."

A Ihsan, amene anali kuvala ndolo yachiwiri, anaima dzanja lili kukhutu. Izi ankazimva koyamba.

"Muyenera kupita kuchipatala lero," anatero Nagat. "Osati mawa. Panopa."

"Mwalemba?"

"Ayi."

"Ndiye kuti boma silikudziwa."

"Silikudziwa."

"Ngati boma silikudziwa, ndili bwino. Wodwala m'nyumba muno ndi amene wasankhidwa." Anakhala patebulo n'kukokera pafupi mbale ya tchizi chawo chamchere, chija chosungidwa m'mtsuko chaka chathunthu, nanyema buledi.

Nagat anali ndi nyumba zina ziwiri zoti afike dzuwa lisanapendeke, ndipo malangizo a ntchito ankangonena kuti munthu wotere azilangizidwa. Anali atalangiza. Koma bambo ake omubala analinso oonda chomwecho, ndipo anamwalira pampando wa ometa tsitsi ali pakati pa nthabwala, mbali imodzi ya ndevu isanametedwe. Abale ankati n'zodabwitsa, munthu analibe ndi mimba yomwe. Anatsitsa chikwama chake pansi.

"Ine sindichoka pano," anatero.

"Khalani, nkhomaliro ndi mpunga ndi bakha," anatero a Haji.

Apo a Ihsan anayenda mpaka patebulo, anatenga mbale ya tchizi ija pamaso pa amuna awo, buledi akadali m'manja, n'kupita nayo kukhitchini. Anatulukako atavala mpango wawo wakuda wa kumsewu, m'manja muli chiphaso cha a Haji ndi jekete lawo.

"Dzukani, Metwalli."

Sanati Haji. A Haji anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana Nagat, anayang'ana pamene panali mbale paja, kenaka anadzuka.

Anatsika masitepe pang'onopang'ono, akupuma pa khomo lililonse. M'katukutuku, kagalimoto ka hayala ka matayala atatu, anakhala atatu pampando wa anthu awiri, sikelo ili pamiyendo ya a Haji chifukwa ndi okhawo amene anali ndi malo. Njira yonse ankalangiza woyendetsa mmene angasinthire magiya.

Kuchipatala chachikulu a Haji anawamata timawaya pachifuwa. Dokotala anawerenga pepala lotuluka m'makinamo, anafunsa kuti wawabweretsa ndani, kenaka anaitanitsa bedi. Mtsempha umodzi wa mtima unali utatsala pang'ono kutsekeka. Anawatumiza ku Alexandria tsiku lomwelo pa ambulansi, atagona chagada, pa msewu umene ankadziwa dzenje lake lililonse. Nagat anatsala pakhomo la chipatala ndi sikelo yake. Nyumba ziwiri zija anakaziyeza mawa lake, ndipo konseko anamwa tiyi.

Kafukufuku anatha, iye anabwerera ku kachipatala kake. Patapita miyezi, zotsatira zinalengezedwa pa wayilesi ya kanema. Mkulu wina wovala suti yothina anaonetsa mizere yofiira yokwera m'mwamba n'kunena kuti dziko liyenera kusintha kadyedwe. Anamwino anaonera nkhaniyo pa nthawi yopuma, akudya buledi ndi nyemba zothira mafuta.

Lachinayi la sabata yomweyo, pa benchi ya odikira panali a Haji Metwalli ndi a Ihsan. Anabwera kudzayezetsa, monga anawalamulira ku Alexandria. A Haji anali ataonjezera kathupi pang'ono, ndipo pakati pa zala zawo panali mikanda ya pemphero.

"Ndi ameneyu anandipasulira nyumba," anatero a Haji akuloza Nagat, kuti benchi yonse imve. "Amake Tarek mchere anaubisa. Ndudu anazipereka kwa mlonda. M'mawa uliwonse amandiyendetsa m'mbali mwa ngalande ngati mbuzi yopita kumsika."

"Dokotala anati aziyenda theka la ola," anatero a Ihsan. "Akapita okha amakathera ku malo omwera khofi, ndiye ndimawaperekeza. Mwana wanga, ndatsika makilo asanu ndi limodzi. Ndayeza kusitolo ya mankhwala kawiri. Uwauze a ku Cairo akonze."

"Anatseka kale, mayi. Zatuluka."

"Ndiye dziko lonse likundidziwa ndi 94?"

"Dzina lanu mulibe. Anakusakanizani ndi anthu ena masauzande."

A Ihsan anaganizira zimenezo, ndipo sizinawasangalatse kwenikweni. Anatenga pepala la mankhwala a amuna awo n'kupita kukaima pamzere wa pawindo.

Nagat anamanga lamba pamkono wa a Haji. Makina anati 138 ndi 84. Anawaonetsa, iwo anangogwedeza mutu. Kenaka anasuzumira pakhomo kuti aone ngati mkazi wawo ali patali, n'kutsitsa mawu.

"Muwayezenso iwowo. Tikamayenda amaima pafupipafupi, amati akuyang'ana abakha. Mulibe abakha m'ngalande muja." Anatsitsa dzanja la mkanjo n'kumanga batani. "Musanene kuti ndanena ndine. Munene kuti boma lawasankhanso."

Nagat anatenga khadi latsopano, analembapo dzina, n'kutuluka kukawaitana pamzere.