Nsapato za Bra Hosea

"Nsapato zija zili kuti?"

Rangwane Jafta anafunsa atakweza m'mwamba jekete lomaliza, ngati kuti nsapatozo zikanabisala kunsi kwake. Zovala zonse za malemu mkulu wawo zinali zitaunjikidwa pabulangete pakati pa chipinda chochezera: masuti anayi, zipewa, mataye, ndi malaya oyera amene Bra Hosea ankasita okha chifukwa sankakhulupirira dzanja la munthu wina. Panali patapita masiku atatu chiwaikire m'manda. M'mawa mwake zovalazo zinayenera kuwazidwa madzi a mankhwala, kenako n'kugawidwa kwa abale.

"Si izo apo, Rangwane," anayankha Mologadi, mwana yekhayo wa malemuwo, akulozera bambo ake aang'onowo nsapato zimene anazindandalika m'mbali mwa khoma.

"Usandiyese mwana iwe. Ndikunena zovinira zija. Zoyera pamwamba, zofiirira kumphuno."

Mologadi ankazidziwa. Dera lawo lonse la Mamelodi linkazidziwa. Lamlungu lililonse masana, bala yawo ya kuseri kwa nyumba ikadzaza ndi okonda jazi, Bra Hosea ankadikira mpaka lipenga la m'nyimbo lifike pamene iwo ankafuna. Kenako ankatuluka kuseri kwa kauntala pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire, nsapatozo zikunyezimira ngati zangotuluka m'mvula.

Mologadi anafufuza m'kabati, pansi pa bedi, ngakhale m'galimoto yakale ya bambo ake. Amayi ake anali chikhalire pamatilesi kuchipinda, atafunda shawelo yakuda, monga anakhalira kuyambira tsiku la imfa. Atawafunsa, anangopukusa mutu osadzutsa maso.

"Chovala chimodzi chikatsala chosawazidwa, mdima wa maliro sutuluka m'nyumba," anatero Rangwane Jafta mokweza kuti ndi akuchipinda omwe amve. "Ndiponso munthu woba nsapato za wakufa safuna nsapato ayi. Amafuna mapazi a mwini wake. Ndani wakhala akulowa ndi kutuluka muno sabata yonseyi, amene si wamagazi athu?"

Aliyense anaganiza za munthu mmodzi. Lesiba, mnyamata wamtali wokonza mafiriji, anabwera kudzathandiza pamaliro tsiku loyamba lomwe. Amuna amene ankasenda ng'ombe kuseri anamupirikitsa ndi chiphwete, amvekere apite kwa achemwali ake. Iye anangotola mpeni n'kukakhala pakati pa amayi osenda mbatata ndi karoti, ndipo sabata yonse ndiye ankanyamula mathireyi a masikono kulowa nawo m'nyumba.

"Ndinkamuuza mkulu wanga," anapitiriza Rangwane Jafta. "Malo ena onse amathanyula amawabweza pageti. Iye n'kumawapatsa tebulo lakutsogolo, n'kumawasiya azivina atagwirana m'chiuno anthu akuona! Lero si izi? Tamverani. Ikakwana teni koloko mawa nsapato zisanaoneke, ndikupita naye kupolisi. Ndipo bala ija ikadzatsegulidwa, iyeyo ndi anzake onse asadzapondemo."

Mologadi anatuluka panja. Mphepo ya Julaye inkakupiza tenti ya pamaliro imene inali isanaphwasulidwe. Iye sankakhulupirira kuti Lesiba ndi wakuba. Chimene chinkamudya mumtima chinali china, ndipo anali asanauzepo munthu.

Kwa chaka chathunthu, Lachinayi lililonse m'mawa, bambo ake ankaliza galimoto n'kunena kuti akukasaka zimbale zakale za nyimbo za jazi ku Marabastad. Ankabwera madzulo manja ali lende, koma akuimba mluzu. Tsiku lina Mologadi ali m'takisi anaiona galimotoyo itaima pamaloboti, Lesiba atakhala kutsogolo, akuseka, dzanja la bambo ake lili paphewa pake. Ndipo kumanda, dothi likugwera pabokosi, Lesiba analira kulira kumene munthu salirira mwini bala.

Kutangocha anavala chikhoti cha amayi ake n'kutuluka osatsazika. Lesiba ankachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ina kum'mawa kwa Mamelodi. Mologadi asanagogode anamva lipenga likulira chapansipansi m'katimo. Inali nyimbo ya bambo ake, yomwe ankaikonda kuposa zonse. Pansi pa nyimboyo pankamveka phokoso lina: phazi kugunda, china n'kukhwekhwereza. Kugunda, kukhwekhwereza.

Lesiba anatsegula pang'ono chabe n'kutsekereza mpatawo ndi thupi lake.

"Sesi Mologadi," anamutchula monga mchemwali wake. "M'mawa uno? Firiji yafa?"

"Nsapato za bambo zasowa. Rangwane akuti waba ndiwe. Teni koloko akupita kupolisi."

"Aa, Rangwane wako uja," Lesiba anaseka kosakondwa. "Chikho chikasweka kutali ku Polokwane, amati ndi ife."

"Zili muno?"

Lesiba anayang'ana pansi.

"Ndiye ndiuze chimodzi chokha," anatero Mologadi. "Ndinakuonani pamaloboti. Lachinayi lililonse ankabwera kuno, eti? Bambo anga anali ndani wako, Lesiba?"

Nyimbo inaima m'katimo. Mawu ena, a mwamuna, anati, "Mtsegulire, wokondedwa. Watopa ndi kuganiza."

Chipindacho chinali chaching'ono, bedi atalikankhira kukona kuti pakati pakhale malo. M'litali mwa khoma munali paipi yachitsulo yokhomedwa bwino, yofika m'chiuno. Amene anaigwira ndi manja onse awiri anali Tumisho, bwenzi la Lesiba, yemwe kale ankavina mopepuka ngati nthenga mpaka madala a jazi ankaiwala mowa wawo. Anasiya kuoneka ku bala chaka chatha, ndipo anthu ankati anabwerera kwawo. Tsopano anali woonda, mwendo wakumanzere utapindikira m'kati. Kumapazi kwake kunali nsapato zija.

"Sindinapite kulikonse, sesi," anatero Tumisho. "Tinapita kukavina kumalo ena m'tauni. Nyimbo yabata italowa, ndinatsamira pachifuwa cha uyu. Alonda anatitulutsa ngati agalu. Ine anandimenya n'kundimalizira pamalo oimika magalimoto. Chiuno chinathyoka pawiri."

"Sankafuna kuti munthu amuone chonchi," anawonjezera Lesiba. "Bra Hosea anandiumiriza mpaka ndinaulula. Lachinayi lotsatira anatulukira ndi paipi iyi ndi chiboolero."

"Anati, ‘Achipatala akuphunzitse kuyenda, zovina usiyire ine,’" Tumisho anamwetulira. "Ankandikalipira ngati mphunzitsi wa sitandade wani. ‘Ukuponda ngati ukupha mphemvu, mwana iwe! Mvera lipenga!’ Mwezi wathawu ndinayenda kuchoka apa kufika pakhomo osagwira paipi. Anavula nsapato zawo pomwepo, n'kubwerera kwanu atavala masilipasi a Lesiba. Anati, ‘Ndakubwereka. Udzandibwezere pabwalo langa, utazivala, anthu onse akuona.’"

Mologadi anakhala pamphepete mwa bedi. Manyazi anamutentha kumaso.

"Nanga bwanji sunanene dzulo, kapena pamaliro?"

"Ndinene chiyani?" anafunsa Lesiba. "Ndiime pamaso pa Rangwane wako ndi kunena kuti mkulu wawo ankadzitsekera m'chipinda ndi amuna awiri onga ife Lachinayi lililonse? Iwe mwana wawo weniweni waganiza chiyani? Nanga iwowo? Bola anditche wakuba kusiyana n'kuti adetse dzina la munthu uja ali m'manda." Anatenga jumbo yapulasitiki kuseri kwa chitseko. "Vula, Tumi. Sesi akaziponye kuseri kwa kabati, akanene kuti wazipeza."

"Akanena kuti wazibweza chifukwa cha mantha," anatero Mologadi. "Mudzakhalabe akuba, ndipo geti lidzatsekedwabe."

"Ndiye litsekedwe. Tinazolowera."

"Ine sindivula," anatero Tumisho, dzanja likulimba papaipi. "Anati ndibweze nditavala."

"Tumi, kuli anthu makumi atatu kumeneko. Akakuseka."

"Andiseke. Ndipatse ndodo yanga."

Takisi inawatsitsa pakona nthawi itatsala pang'ono kukwana teni. Pabwalo la nyumba panali abale atakhala pamipando yapulasitiki, ndipo madala asanu a jazi, anzawo a malemu, anali pansi pa tenti ndi zipewa zawo pamaondo. Zovala anali atazitulutsa panja, beseni la madzi a mankhwala lili pambali. Rangwane Jafta anaima pakhonde akugwedeza makiyi a galimoto.

Pageti Tumisho anapereka ndodo kwa Lesiba.

"Taonani!" anakuwa Rangwane Jafta. "Sindinanene? Mpaka kuzivala! Vula pomwepo, iwe! Usalowe nazo muno!"

"Anamubwereka ndi bambo, Rangwane," anatero Mologadi. Sanadziwe kumene mawu aakulu choncho anachokera. Anafotokoza zonse ali chiimire pakati pa bwalo: za alonda a m'tauni, za chiuno, za paipi yapakhoma, za Lachinayi.

"Akunamiza, mwana iwe. Anthu awa pakamwa m'pozuna. Hosea sankalola ngakhale ine, mng'ono wake, kuzikhudza nsapato zimenezo."

"Nanga inu munkavina, a Jafta?" anafunsa dala wina pansi pa tenti. Wina anatsokomola pobisa phwete.

Tumisho anali atayamba kale kuyenda. Phazi lakumanja linagunda pasimenti, lakumanzere n'kutsatira mokhwekhwereza. Thukuta linamera pamphumi pake ngakhale kunkazizira. Atayenda mapazi asanu anapepesuka, Lesiba n'kutambasula dzanja, koma iye analikana. Pamenepo dala uja anayamba kuthethetsa zala pang'onopang'ono. Mnzake anamutsatira. Tumisho anatsinzina, nadikira kaye ngati akumvetsera chinthu chakutali. Kenako phewa lake linatsika, chidendene chinazungulira pang'ono, ndipo kukhwekhwereza kuja kunalowa m'kugunda kwa zala ngati kuti anachita kufuna kuti kukhale choncho. Mologadi anagwira pakamwa. Kadikiridwe kameneko, katsitsidwe ka phewa kameneko, kanali ka bambo ake.

Rangwane Jafta anatsika pakhonde kuti amutsekereze.

"Alamu, patukani."

Anali amayi a Mologadi. Anaima pakhomo atagwira mphuthu, shawelo yakuda ili kumutu, maso akuphethira ndi kuwala kumene anali asanakuone bwino kwa masiku khumi. Azakhali awiri anadzuka kuti awabwezere pamatilesi, koma iwo anawakwezera dzanja.

Anamuyang'ana Tumisho kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe unkadya nyama yanga ya Lachinayi?"

"Ndine, Mma," anayankha Tumisho akupuma movutika. "Ankati mwaphikira ine."

"Wabodza uja," anatero mayiwo. "Ankandiuza kuti ndiziika yambiri chifukwa ku Marabastad kumamvetsa njala. Chaka chonse ine kumagona chafufumimba, kuganiza kuti ndikunenepetsa kamkazi kena ka ku Atteridgeville. Mpaka ndinkanunkhiza malaya ake."

Kuseka kunaphulika pansi pa tenti, kenako kunazima msanga anthu atakumbukira pamene anali.

"Alamu, mwambo ndi mwambo," anatero Rangwane Jafta, mawu atatsika. "Nsapatozo ziyenera kuwazidwa ndi kugawidwa kwa abale."

"Ziwazeni ali chivalire. Kugawa anagawa kale mwini wake." Anatembenukira kwa mlamu wawoyo. "Ndipo bala ija ili m'dzina langa. Ndikadzavula zakudazi n'kutsegula, tebulo la ana awa lidzakhala pamene Hosea analisiya."

Rangwane Jafta anayang'ana abale, kufuna woti awathandize, koma aliyense anali ndi kwina koyang'ana. Anaika makiyi m'thumba.

Mayiwo anatsika masitepe awiri a pakhonde. Fumbi la pamsewu linali litadetsa nsapato zija. Ku bala ya Bra Hosea, munthu akavina mogwira mtima, ena ankamuponyera ndalama kumapazi, koma mwini bala sankaponya kanthu. Ankagwada ndi bondo limodzi, suti ili m'thupi, n'kupukuta nsapato za wovinayo ndi mpango wake, kaya ndi loya kaya ndi wosesa mumsewu.

Mayi a Mologadi anagwira phewa la mwana wawo kuti asagwe, nagwada pasimenti yozizira. Anakoka nsonga ya shawelo yawo yakuda n'kuyamba ndi phazi lakumanzere.